Magalasi a Atsibweni ndi Chisa cha Nkhulukulu

Kalekale, koma osati kale lija loti nyama zinkayankhula ayi, kale la dzana lomweli magalasi oonera patali atafika kale m'dziko muno, kunali nkhalango yotetezedwa pa phiri la Namwiyo. M'nkhalangomo simunkalowa nkhwangwa, msampha kapena legeni. Munthu unkalowamo ndi maso ndi makutu ako, n'kutulukamo ndi zomwezo.

Mbalame zimene zinali mmenemo, abale anga, musandifunse kuchuluka kwake. Apumbwa aphokoso aja, nthengu zakuda bii, choso woyamwa maluwa, gogomole wogogoda mitengo ngati mlendo wodzapala moto, njiwa, nkhwali, timba wochepa thupi. Kumunsi kudambo kunali nkuta ndi nantchengwa, ndipo kumwamba chiombankhanga chinkangozungulira ngati mwini malo. Alendo ankachokera m'matauni, ena kutsidya kwa nyanja, kudzangoziyang'ana. Osadya, osagula, kungoyang'ana basi. Anthu a m'mudzi wa m'tsinde mwa phirilo ankaseka n'kumati, ndiwo ikuuluka, munthu wamkulu ndithu n'kumaimwetulira.

Wotsogolera alendowo anali a Dzimbiri, bambo wachikulire wopanda mwana, amene pakhosi pawo sipankachoka magalasi oonera patali. Anali munthu wa malamulo. Ukafuna kuyenda nawo, malaya ofiira kapena oyera unkawasiya kunyumba n'kuvala zofanana ndi dothi. Kukuwa m'nkhalango kunali ngati kutukwana pamaliro. Ngakhale kuitanana mayina ankaletsa. Mukasiyana njira, iwo ankaphatikiza manja awo n'kuuzira mpweya pakati, ndiye pankatuluka kulira kwa nkuta, kuja kumamveka ngati madzi akukhuthuka m'botolo. Chala chawo chimodzi chinali chopindika, mpweya unkathawira pamenepo, choncho nkuta yawo inkamaliza ndi mawu osasa.

Koma mumtima mwa a Dzimbiri munali chilonda. Mbalame imene ankaikonda kuposa zonse, nkhulukulu, inali itatha m'phirimo zaka zambiri zapitazo. Imeneyi ndi mbalame yobiriwira, ya tsumba pamutu, yobisala m'masamba. Ikatambasula mapiko mumaona kufiira psuu, ngati wina waponya chikuni chamoto pakati pa mitengo. Nthenga zofiirazo ndi zimene zinaiphetsa, chifukwa otchera misampha ankazigulitsa. Ndipo chowawa kwambiri n'chakuti mmodzi mwa otcherawo anali wa m'nyumba mwawo momwe.

Mlongo wawo, Nadzimbiri, anali ndi ana atatu, onse akuluakulu a mabanja awo. Mwa mwambo wa kumeneko, zinthu za mtsibweni zimapita kwa ana a mlongo wake, ndiye anthu ankadziwa kuti magalasi aja adzagwa m'manja mwa mmodzi mwa atatuwa.

Woyamba anali Enelesi, mwana wamkazi. Chikuku chinamuwononga maso ali wamng'ono, moti zinthu zapatali ankaziona ngati zili m'nkhungu. Koma khutu lake, eee, musanene. Ankatha kukuuzani kuti iyo ndi njiwa yoitana mnzake, iyo ndi njiwa yochita mantha. Mbalame zonse za m'phirimo ankazidziwa ndi mawu.

Wachiwiri anali Ganizani, mwini diso. Ameneyu ankaona timba ali pa nthambi tsidya lina la chigwa, inu mukufunafuna pamene pali mtengo weniweniwo. Ankaperekeza atsibweni ake akakhala ndi alendo, ndipo ndi iye ankapukuta magalasi aja. Vuto lake linali pakamwa. Chimene waona m'mawa, pofika masana msika wonse unkakhala utachidziwa, ndi zowonjezera zomwe.

Wachitatu anali Sinoya, wa manja aluso. Uyu ndiye anali wotchera uja. Ulimbo ankaudziwa, khwekhwe ankamanga osayang'ana, ndipo ankanyang'ama m'tchire tsamba osakhwatchula. Tsiku limene alonda a nkhalango anamugwira ali ndi nthenga zofiira m'thumba, a Dzimbiri analumbira pamaso pa anthu kuti, "Dzanja lakoli silidzakhudza magalasi anga ine ndili moyo." Sinoya anasiya misampha n'kuyamba kuluka madengu, koma akamawapatsa moni atsibweni ake, iwo ankayang'ana kumbali.

Tsono chaka china, dzuwa litaswa mtengo, anthu akudikira mvula yoyamba, a Dzimbiri anaona chimene anali atasiya kuchiyembekezera. Nkhulukulu ziwiri zinali zitabwerera, ndipo zinamanga chisa mu mkuyu wina umene unamera m'khwawa lakuya, kumtunda kwa phiri. Sanauze munthu. Ganizani akanalengeza pamsika, Sinoya sankamukhulupirira, ndipo Enelesi ankamumvera chisoni kumuuza za kukongola kumene sakanakuona. M'mawa uliwonse ankangozemba okha kukasuzumira.

M'mawa wina akusuzumira choncho m'mphepete mwa khwawalo, mwala umene anapondapo unagumuka. Anagubuduzika mpaka pansi, mwendo thyo. Atatsegula maso anapeza kuti agona m'tsinde mwa mkuyu womwe uja, ndipo pamwamba pawo mbalame yaikazi ili phee, ikufungatira mazira.

Apa ndiye pamandipsetsa mtima ine. Mawu anali nawo a Dzimbiri, ndipo alonda awiri anadutsa pa njira ya pamwamba, kukambirana kwawo kukumveka bwinobwino. Munthu wina aliyense akanakuwa kuti mayo ndafa ine. Koma mkulu ameneyu ankadziwa kuti phokoso likachuluka pansi pa chisa, mbalame imathawa mazira osabwereranso. Ndiye analuma mlomo, alonda aja n'kudutsa. Zovala za mkuluyo zinali za mtundu wa dothi, mwa lamulo lawo lomwe, moti ngakhale wosuzumira akanangoti ndi chitsa. Kaya kunali kupusa kaya chikondi, zimenezo tikambirana tsiku lina. Chimene anachita n'kuphatikiza manja n'kuyamba kuliza nkuta.

Mitambo nayo inali itayamba kusonkhana pamwamba pa phiri. Ndipo aliyense wa ku Namwiyo amadziwa kuti mvula ikagwa kumtunda, makwawa amadzaza madzi munthu asanamalize kumanga nsalu m'chiuno.

Enelesi anali kumunda, m'malire mwa nkhalango, akuunda mizere pamodzi ndi mayi ake ndi amayi ena. Kulira kuja kutamveka chapatali, amayiwo anakondwa.

"Mwamva? Nkuta ikuitana mvula," anatero mmodzi.

Enelesi anaimika khasu n'kupendeketsa mutu. "Nkuta imakhala kudambo, m'mabango. Iyi ikulirira kumiyala."

"Mbalame ili ndi mapiko, mwanawe, imapita kumene yafuna," anatero mayi ake. "Tiye tilime."

"Amayi, tamverani mathero ake. Mawuwo ndi osasa. Amenewo ndi atsibweni, ndipo sakuleka."

Amayi aja anaseka, ati mtsikanayu makutu amulowa m'mutu. Koma Enelesi anataya khasu pomwepo n'kuthamangira kumudzi, akupunthwa m'mizere. Ganizani anamupeza pa bawo, Sinoya anamupeza akung'amba nsungwi. Sanawapemphe, anangowakoka. Anatsogola ndi iye, munthu wosaona patali, kuima, kumvetsera, kukhota, kuimanso. Pena kulira kuja kunkagunda miyala n'kumveka ngati kukuchokera kumbuyo, abale ake n'kufuna kubwerera, koma iye ankati ayi, uko ndi kubwereza kwa phiri, mwini wake ali uku. Anawakweza mpaka pa mtunda pamene makwawa ambiri amayambira. Atafika pamenepo, nkuta ija inalira kamodzi mofooka, kenako zii. A Dzimbiri mphamvu zinali zitawathera.

"Khutu langa lathera pano," anatero Enelesi, misozi ili mbwe.

Ganizani anakwera pa thanthwe lalitali. Pansi pake makwawa anali ndandanda, onse odzaza mitengo, onse ofanana. Magalasi analibe, anali pakhosi pa munthu yemwe ankamufunayo. Mphepo ya mvula inayamba kuwomba.

"Achimwene, tingolowa lililonse, nthawi ikutha," anatero Sinoya.

"Tikalowa lolakwika, sitituluka msanga. Kuona maso a nkhono n'kudekha," anayankha Ganizani, mawu amene atsibweni ake ankauza alendo opupuluma.

Anasiya kufunafuna munthu, n'kuyamba kuyang'ana mbalame. Makwawa ena onse anali bata, mbalame zitabisala poopa mvula. Koma pa khwawa lina lakutali, nthengu ndi apumbwa zinkauluka n'kugwera pa mtengo umodzi, kukwera, kugweranso. Mbalame zing'onozing'ono zikatero ndiye kuti pamenepo pali njoka kapena kadzidzi. Anapitiriza kuyang'anitsitsa mpaka maso kutuluka misozi. Kenako pakati pa masamba panang'anima chinthu chofiira psuu, n'kuzimiririka.

Ganizani anatsegula pakamwa kuti akuwe, mtima uli m'mwamba, chifukwa mbalame imene dziko lonse linkati inatha anali ataiona ndi maso ake. Koma anadzigwira pakamwa ndi manja onse awiri. Munthu amene sanasungepo mawu chibadwire anawameza tsiku limenelo. Anatsika pathanthwe n'kunong'ona kuti, "Nkhulukulu. Kumene kuli nkhulukulu, atsibweni ali komweko."

Atafika m'mphepete mwa khwawalo, Ganizani analoza pansi. Enelesi sanaone kanthu, Sinoya anaona chitsa. "Chitsa sichivala nsapato," ananong'ona Ganizani. Koma potsikira panalibe. Khoma la khwawalo linali chilili, dothi lake logumuka.

Sinoya anatulutsa kampeni kake kong'ambira nsungwi n'kuyamba kusenda luzi pa mitengo ya mombo.

"Iwe, muno saloleza kusenda mitengo," anatero Enelesi.

"Akandimange mawa, achemwali."

Anapota chingwe pantchafu, mwachangu ngati wobadwa nacho, n'kumanga mfundo zija ankamangira misampha, zimene zimalimba ukamazikoka. Anachimangirira ku mtengo, anadula nsungwi ziwiri, n'kutsika. Anatsika monga ankanyang'amira mbalame kale, mwala osagwa, tsamba osakhwatchula. Atafika pansi anapeza atsibweni ake milomo itauma gwa, mwendo utatupa. Anagwada kuti awunyamule, koma mkuluyo anamugwira dzanja n'kuloza m'mwamba ndi maso.

"Leka mwendowo. Yamba njoka."

Pa nthambi ya mkuyu, mbobo inali ikukwawa pang'onopang'ono kulunjika chisa. Nthengu zinkaijompha koma iyo sinkabwerera. Madontho oyamba a mvula anali atayamba kugwa, ndipo kumtunda kunkamveka mkokomo. Ine ndikanakhala Sinoya ndikanati, atsibweni, mazira si anthu. Koma iye anamanga khwekhwe kunsonga ya nsungwi, khwekhwe lomwe lija linamaliza nkhulukulu m'phirimo, anakwera nthambi yam'munsi, n'kulikoleka m'khosi mwa njokayo kamodzi kokha. Anaitsitsa ikupiringizika, n'kukaiponya kutali kumunsi kwa khwawa. Mbalame ija inangotembenuza mutu, pa mazira sinachoke.

Atatero anamanga mwendo wa atsibweni ake pakati pa nsungwi, anawabereka kumsana ngati khanda, n'kudzimangirira chingwe m'chiuno. Pamwamba Enelesi ndi Ganizani anakoka mpaka manja kusupuka. Phazi la Sinoya litangoponda pamwamba, madzi ofiira anafika ndi zitsa ndi miyala, n'kudzaza pamalo pamene mkulu uja anagona. Chisa chinali m'mwamba, madzi anangodutsa pansi pake.

Kuchipatala anati moyo wapulumuka, mwendo udzapola, koma phiri ayi. Kuyenda adzayenda ndi ndodo pa malo osalala. A Dzimbiri anamva zimenezo osadandaula, funso lawo linali limodzi lokha, loti mazira aja ali bwanji. Anaswa. Ana awiri anakula, anamera nthenga, anaphunzira kudumpha m'nthambi. Akuluakulu oyang'anira nkhalango atamva kuti nkhulukulu zabwerera, anakondwa, ndipo anatumiza uthenga kuti alendo achuluka chaka chimenecho, choncho a Dzimbiri atchule munthu mmodzi wolowa m'malo mwawo.

Mvula ili pafupi kutha, mkuluyo anaitana mlongo wake ndi ana atatu aja pakhonde. Khondelo linayang'ana ku mkuyu wina waukulu wa m'malire mwa nkhalango, umene nthawi imeneyo unali utabereka nkhuyu zambiri.

"Magalasi awa ndi amodzi, ndipo chingwe chake chimalowa m'khosi limodzi," anatero. "Wowatenga ndiye atsogolera alendo, ndiyenso asamala chisa chija. Nonse munandipulumutsa. Aliyense anene mawu ake."

Enelesi anayamba. "Atsibweni, tsiku lija anthu onse anamva nkuta. Amene anazindikira kuti ndi inu, ndine ndekha. Ndikanapanda kutaya khasu, awa akanamaliza bawo lawo, uyu akanamaliza dengu lake, ndipo inu tikanakakupezani kudambo. Komanso ndinene chimene chili mumtima. Mbalame zonse za m'phirimu ndimazidziwa mawu, koma kufiira kumene mukunenaku sindinakuonepo. Amene ali ndi maso akuthwa magalasi ngachiyani?"

Ganizani anatsokomola. "Achemwali anena zoona, koma khutu lawo linathera pa mtunda paja, iwo eni anatero. Makwawa anali ambiri, ndipo mvula sikanatidikira kuti tilowe lililonse. Ndayenda pambuyo panu zaka zonsezi, ndikudziwa mmene mlendo amamulozera mbalame asanaiphonye. Mumandinena pakamwa, chabwino. Koma kuyambira tsiku lija, kumene kuli chisa sindinauze munthu. Ngakhale mkazi wanga wandinyengerera mpaka watopa."

Sinoya anayang'ana manja ake. "Ine ndilibe zambiri. Nkhulukulu zoyamba zija ndinazitha ndine, sindikukana. Inu munalumbira kuti sindidzakhudza magalasi anu muli moyo. Ndikanachedwa pang'ono m'khwawa muja, lumbirolo likanatha lokha. Koma ine ndinasankha kuti lumbiro likhalepo, bola inu mukhalepo. Ndipo njira zonse zimene wotchera angalowere m'phirimu, wozidziwa ndine."

A Dzimbiri anatembenukira kwa mlongo wawo. "Nanga iwe ukuti bwanji?"

"Musandiike pamoto, achimwene," anatero Nadzimbiri. "Onsewa anayamwa bere limodzi."

Mkuluyo anapukusa mutu. Akulu akale anati mbalame ikatera pa uta silasika, ndipo apa zinali zitatera zitatu. Akapatsa Enelesi, alendo adzatsogoleredwa ndi munthu wosaona njira patali, ngakhale palibe mbalame imene ingamubisalire. Akapatsa Ganizani, ndani akudziwa kuti pakamwa paja padzakhala potseka mpaka liti? Akapatsa Sinoya, athyola lumbiro limene analumbira pamaso pa mudzi, ndipo aika chisa m'manja amene kale ankatchera nkhulukulu. Koma akamumana, ndiye kuti munthu akalakwa kamodzi walakwa mpaka imfa.

Akadali chiganizire choncho, Enelesi anadzutsa mutu. "Tamverani," anatero. Ku mkuyu kuja kunamveka kulira kwa mawu okhuthala, ko-ko-ko-ko, kumene mudziwo sunakumve kwa zaka zambiri.

"Zilipo zinayi," ananong'ona Ganizani. "Zazikulu ziwiri, ana awiri."

Sinoya anatambasula dzanja pang'onopang'ono kuletsa ana amene ankathamangira kumeneko, ndipo anawo anaima chilili, pakamwa yasa.

A Dzimbiri anavula chingwe m'khosi mwawo, misozi ikutsikira m'ndevu. Ananyamula magalasi aja m'mwamba pakati pa ana atatu a mlongo wawo. Ndipo mbalame, mukudziwa inu, sidikira kuti anthu amalize mlandu.

Pamenepa ine ndiye ndaima, sindipitirira. Ndakhala ndikuisinkhasinkha nkhaniyi mpaka imvi, ndipo tsiku lililonse ndimadzuka ndi yankho lina. Tsono inu amene mwakhala phee kumvetseraku, musandiuze kuti agawane, chifukwa magalasi sagawika, ndipo musandiuze kuti adikire mawa, chifukwa nkhulukulu zili pa mkuyu lero. Khutu limene linamva, diso limene linapeza, manja amene anatulutsa: a Dzimbiri apereke magalasi kwa yani mbalamezo zisanauluke?